Episodi imodzi yokha gulu lagawikana: kodi wapolisi uja wafadi, nanga ine zandilowa kwambiri?

"Zikomo achimwene. Ine ndimakonda kwambiri masewero a milandu a pa TV, makamaka lina lake limene langoyamba sizoni yachitatu sabata yathayi titadikira pafupifupi zaka ziwiri. Kumapeto kwa sizoni yachiwiri wapolisi wina amene tonse timamukonda anawomberedwa pa mlatho n'kugwera mumtsinje. Ndiye episodi yoyamba ya sizoni ino yayamba ndi maliro ake, bokosi lotseka, mtembo sanationetse. Kenako loya wina wamkazi wapezeka atafa mu ofesi mwake, bwana wa apolisi tamuona akufufuta meseji pa foni, ndipo kumapeto kwenikweni kamera yaonetsa dzanja la munthu lovala wotchi yosweka galasi, nkhope ayi. Pa gulu lathu la WhatsApp kwavuta. Ena akuti wapolisi uja ali moyo, ena akuti bwanayo ndi amene akugulitsa anzake. Ine ndinalemba kuti wamasiye wa wapolisi uja ndi amene ali kumbuyo kwa zonse, anthu anandiseka, mpaka mnzanga wakalekale anati ndimaonera ndi maso okha mutu ndimausiya kwina, pano sitikuyankhulana. Wina waponyanso chithunzi akuti chabedwa mu episodi yomaliza. Episodi imeneyi ndaionera kasanu, ndikumagona 2 koloko usiku ndikuwerenga zimene anthu akulemba. Kodi pali njira yodziwira maganizo olondola? Kodi olemba amasintha nkhani akaona kuti anthu atulukira? Nanga ineyo ndili bwinobwino? Ndine mlongo wanu wosagona tulo."

Achemwali, mtima m'malo, muli bwinobwino. Dzina la sewerolo ndalichotsa dala m'kalata yanu kuopa kuwonongera ena amene sanaonere, koma zimene mwafotokozazi ndi zokwanira kuti tikambirane. Ndakhala zaka zambiri ndikulemba za masewero amtunduwu, nthawi ina ndinakhalanso mbali inayo, kumene nkhani zimaphikidwa, ndiye ndikuuzeni mosabisa: kusagona kwanuko si ngozi, kuli anthu anakhala pansi miyezi n'kumakonza kuti musagone. Kukanakhala kuti mwaonera n'kugona tulo tofa nato ndiye kuti ntchito yawakanika.

Chimene anthu ambiri amaiwala ndi choti episodi yoyamba ya sizoni siilembedwa kuti iyankhe mafunso. Imeneyi ndi yotengera ngongole. Wolemba amabweza pang'ono chabe ngongole yakale, kungoti musakwiye, kenako amatenga ngongole zina zatsopano zitatu kapena zinayi n'kukuuzani kuti mubwere sabata yamawa. Maliro aja ndi kubweza pang'ono. Loya wakufa, meseji yofufutidwa ndi wotchi yosweka ndi ngongole zatsopano. Ndipo mutu wa munthu sugwirizana ndi chinthu chosatha, katswiri wina wa zamaganizo dzina lake Bluma Zeigarnik analemba kale mu 1927 kuti ntchito imene yadukizidwa pakati imakakamira m'mutu kuposa imene yatha. Olemba masewero ambiri mwina dzina lakelo sanalimvepo koma amadyera pomwepo.

Komanso musaganize kuti misala imeneyi yabwera ndi mafoni. Mu March 1980 sewero la ku America lotchedwa Dallas linatseka sizoni ndi J.R. Ewing atawomberedwa ndi munthu wosaoneka nkhope. Anthu anadikira miyezi 8, kukangana m'maofesi, kuvala malaya olembedwa funso loti anawombera ndani, ena mpaka kubetcha ndalama, ndipo yankho litatuluka pa 21 November chaka chomwecho anthu pafupifupi 83 miliyoni ku America kokha anali pa TV. Kunalibe WhatsApp, kunalibe Facebook. Ndiye gulu lanulo silinayambitse kanthu, langofulumizitsa basi.

Tiyeni tiyambe ndi wapolisi wanu uja poti ndi amene akukudyani mtima. Lamulo lakale la oonera ndi loti ngati mtembo sunauone ndi maso ako, usalire kwambiri. Ndipo madzi ndiye njira yotchuka yosiyira chitseko chotsegula. Wolemba mabuku Arthur Conan Doyle anatopa naye Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zake, n'kumugwetsera pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland mu 1893, mtembo osapezeka, patapita zaka 10 mu 1903 anamubweza wamoyo. Kuyambira pamenepo aliyense wogwera m'madzi mu nkhani za milandu amakhala ndi mwayi wovuuka. Ndiye amene akuti ali moyo sakulota ayi.

Koma pali china chimene mafani sakonda kumva. Nthawi zina bokosi lotseka silitanthauza kuti olemba akubisa chinsinsi, limatanthauza kuti nawonso panthawi imene ankalemba mathero a sizoni yapitayo sankadziwa ngati wosewerayo asainanso kontirakiti. Pa Dallas pomwepa, Larry Hagman amene ankasewera J.R. anali pa zokambirana za malipiro m'miyezi yodikirayo, ndiye kupulumuka kwa J.R. sikunali m'manja mwa madokotala a mu sewero okha. Munthu akagwera mumtsinje, wolemba wadzipatsa njira ziwiri: akabwera timuvuula, akapanda kubwera tiika maliro. Ndiye inu yang'anani izi. Ndani anazindikira mtembowo mu nkhaniyi, ndipo ndi munthu mmodzi yekha? Ngati ndi mmodzi, ndipo mmodziyo ndi bwana uja kapena wamasiye, pamenepo pali fungo. Chachiwiri, kulirako kwapatsidwa nthawi yochuluka bwanji? Wolemba amene waphadi munthu wokondedwa amafuna kuti imfayo ipweteke, amaonetsa anzake akulephera kugwira ntchito, wina akuchotsa katundu pa desiki yake, wina akuimba nambala yake mwangozi. Amene akudziwa kuti munthuyo abwerera amathamanga nawo maliro, mphindi zitatu basi tapita kwa loya wakufa, chifukwa akudziwa kuti akakulizani kwambiri mudzamukwiyira tsiku lobweralo. Mayina olembedwa koyambirira kwa episodi musawadalire kwambiri, amatha kuchotsa dala dzina la wosewera kuti asaulule.

Za bwana wofufuta meseji ine sindingataye nazo tulo. Mu sizoni ya maepisodi 6 kapena 8, munthu amene akuoneka wolakwa kwambiri mu episodi yoyamba kawirikawiri amakhala nyambo. Sikuti ndi woyera, ayi, akubisadi kanthu. Koma luso lonse la sewero la milandu lagona poti aliyense amanama, kungoti amanama pa zifukwa zosiyana. Wina akubisa chibwenzi, wina ngongole, wina akuteteza mwana wake, ndipo mmodzi yekha ndi amene akubisa kupha. Ndiye funso labwino si loti bwanayu ndi woipa kapena ayi, koma loti ndi chinsinsi chanji china, chaching'ono, chimene chingamuchititse kufufuta meseji. Mukachipeza mwamuchotsa pa mndandanda. Chenjezo langa ndi limodzi: olemba ena ochenjera amadziwa kuti inu mukudziwa zimenezi, ndiye amamuonetsa wolakwa koyamba, amamuyeretsa mu episodi yachitatu inu n'kumuiwala, kenako amabwerera naye kumapeto. Munthu amene wayeretsedwa msanga ndi umboni wochokera kwa munthu mmodzi, muzimuyang'anabe ndi diso la kumbali.

Tsopano maganizo anu a wamasiye, amene anakusekani nawo. Ine sindikuseka. Mu 1929 wansembe wina wa ku England amenenso ankalemba nkhani za milandu, Ronald Knox, analemba malamulo 10 a masewera amenewa, ndipo loyamba limati wakupha azikhala munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani, osati mlendo wongotulukira kumapeto. Analetsanso mapasa ongobwera mwadzidzidzi, komanso anati wofufuzayo asakhale iye wakupha. Malamulowa akhala akuswedwa kambirimbiri, koma loyambalo likadali ndi mphamvu chifukwa oonera amamva kuti aberedwa akapatsidwa mlendo. Wamasiye wanu lamulo limeneli akulikwanitsa bwinobwino, wakhala pamaso pathu kuyambira kale ndipo chisoni chimamuphimba, palibe amene amafuna kukayikira munthu amene akulira.

Koma kukwanitsa lamulo si umboni, ndipo apa ndikudzudzulani pang'ono ngati mlongo wanga. M'kalata yanu mwandiuza amene mukumuganizira koma simunandiuze chimene munaona. Maganizo aliwonse ine ndimawayesa chonchi. Kodi munthuyo apindula chiyani, osati m'moyo weniweni koma malinga ndi zimene sewerolo lationetsa kale? Kodi anali ndi mpata, kapena mukufunika kupeka zinthu zisanu zimene sizinaonetsedwe kuti zitheke? Maganizo amene akufuna kuti pakhale m'bale wobisika, pasipoti yabodza ndi dokotala wogulidwa, zonse zosaonetsedwa, amenewo ndi sewero lanu lina, osati limene tikuonerali. Ndiye pali funso lachitatu limene mafani ambiri safunsa pomwe olemba amayambira pomwepo: yankho limeneli limupweteka bwanji wofufuza wamkulu wa mu sewerolo? Wolemba sasankha wakupha amene ali wovuta kumutulukira chabe, amasankha amene akadziwika wofufuza wathu asweka mtima. Ngati wofufuza wamkulu wakhala akumusamalira wamasiyeyo, kumuyendera, kudziimba mlandu kuti anamulepherera mwamuna wake, ndiye maganizo anu ali ndi miyendo. Ngati awiriwa sakumana n'komwe, ndi ofooka, ngakhale atakhala okoma chotani. Ndipo dzifunseni kuti ndi chiyani chimene chitaonetsedwa sabata yamawa mungavomere kuti munalakwitsa. Ngati palibe, chilichonse mukuchipinda kuti chigwirizane nanu, pamenepo si kufufuzanso, mwayamba chipembedzo.

Wotchi ija ndiyo yokoma kuikambirana. Kamera ikayandikira kachinthu kakang'ono chonchija, dziwani kuti sizinangochitika, pamafunika kuikonza kamera mwapadera, kuyatsa magetsi mwapadera, nthawi zina tsiku lina ndi dzanja la munthu wina amene si wosewerayo n'komwe. Ichi n'chifukwa chake amene akukulitsa chithunzi kuti ayerekeze zikhadabo ndi tsitsi la pamkono akhoza kungotaya nthawi. Wolemba masewero wa ku Russia Anton Chekhov ankaphunzitsa kuti ukapachika mfuti pakhoma kumayambiriro kwa sewero, iyenera kulira sewerolo lisanathe. Wotchiyo ilira ndithu. Chimene mungachite ndi kubwerera m'masizoni akale n'kuona kuti inayamba yaonekapo pa mkono wa ndani, ndipo mukumbukire kuti wotchi imavulidwa, imapatsidwa kwa wamasiye mu envelopu ya katundu wa malemu, imabedwa. Kuvala wotchi ya munthu sikukhala munthuyo.

Koma ngakhale apa musaganize kuti olemba amadziwa zonse nthawi zonse. Episodi yoyamba ya sizoni yachisanu ya sewero la Breaking Bad mu July 2012 inayamba ndi Walter White, munthu wamkulu wa mu nkhaniyo, akugula mfuti yaikulu ya M60 ili m'buti ya galimoto. Mafani anatha chaka chathunthu akuwerengera kuti ndi ya ndani. Mwini sewerolo Vince Gilligan anadzavomera yekha kuti pamene ankaika mfutiyo iye ndi anzake sankadziwa kuti idzagwira ntchito yanji, ndipo anavutika nayo kwambiri mpaka kufika kumathero mu September 2013. Tangoganizani, anthu mamiliyoni akufufuza yankho limene panthawiyo kunalibe.

Ndikuuzeni yanga. Pa sewero lina laling'ono limene ndinathandiza nawo, tinajambula siini ya kufunsa woganiziridwa m'chipinda chimene pakhoma panali wotchi yeniyeni yoyenda. Tinayamba masana, wosewera wina anadwala, tinadzamaliza mawa lake m'mawa, ndipo palibe amene anakumbukira kuimitsa wotchiyo. Itatuluka episodi, kumbuyo kwa wapolisi nthawi ikuti 3:40, kamera ikatembenuka n'kubwerera ikuti 9:15. Aaa, anthu anaigwira. Wina analemba ndime zisanu kufotokoza kuti wapolisiyo anadula tepi ya mafunso, maola asanu ndi theka asowa, m'maola amenewo anamumenya woganiziridwayo, ndipo anthu mazana anagwirizana naye. Ife tinawerenga titagwira pakamwa, chifukwa kunena zoona maganizo akewo anali okoma kuposa zimene tinalemba kkkk. Kuyambira pamenepo ndimasiyanitsa chonchi: chizindikiro chenicheni kamera imachedwapo, phokoso limatsika kapena nyimbo imasintha, ndipo chimabweranso kachiwiri. Chimene mwachiona pokhapokha mutaimitsa filimu n'kukulitsa pakona, kawirikawiri ndi kuiwala kwa munthu wotopa. Ndipo malo amene amaulula kwambiri ndi kachidule kaja ka koyambirira kokumbutsa zam'mbuyo. Akakukumbutsani munthu amene anangooneka kamodzi zaka zitatu zapitazo, sanachite mwachifundo, akumufuna lero.

Funso lanu loti kodi amasintha nkhani anthu akatulukira. Pa masewero a masiku ano a maepisodi ochepa, nthawi imene inu mukuonera episodi yoyamba sizoni yonse imakhala itajambulidwa kale, osewera anabalalika kalekale ali pa ntchito zina. Ngakhale gulu lanu litalemba yankho lenileni usiku womwewo palibe chimene angachite. Amene angathe kukhota pang'ono ndi masewero aja a maepisodi 22 pa chaka amene amajambulidwa uku akuonetsedwa. Kumene mawu a oonera amafikadi ndi pakati pa masizoni. Sherlock ya BBC inasiya anthu mu January 2012 ataona munthu akugwa kuchokera padenga la chipatala kenako n'kuoneka wamoyo, anthu anatha zaka ziwiri akujambula mamapu a msewuwo, ndipo episodi yobwerera ya pa 1 January 2014 inaikamo dala kagulu ka mafani okangana, n'kuonetsa mafotokozedwe angapo osiyana, kuseka nawo oonerawo. Ena anakondwa, ena anamva ngati anyozedwa. Enanso amene amakakamiza olemba ndi eni wailesi. Twin Peaks mu 1990 inakakamizidwa ndi wailesi ya kanema ya ABC kuulula wakupha Laura Palmer mkati mwa sizoni yachiwiri, pomwe mmodzi mwa opanga sewerolo David Lynch sankafuna, ndipo chinsinsi chitatha anthu anayamba kuchoka. Mbali inayo, The Killing ya ku America mu 2011 inatseka sizoni yoyamba osaulula wakupha, anthu anapsa mtima kwambiri poti ankaona kuti analonjezedwa. Ndiye wolemba ali pakati pa moto uwiri, akabweza msanga ngongole mumachoka, akachedwa mumatukwana.

Apa ndiye pali chimene ndikufuna mumve kwambiri, chifukwa ndi chimene chimawonongera anthu masewero amene amawakonda. Paja amati mutu umodzi susenza denga, ndiye taganizani mitu zikwi mazanamazana ikusenza denga limene linamangidwa ndi anthu ochepa m'chipinda chimodzi. Pa anthu onsewo wina atulukira ndithu, mwamwayi chabe. Ndipo choopsa kwambiri, wina apeka mathero okoma kuposa enieniwo, inu muwawerenga, muwakonda, muwasunga masabata asanu ndi awiri, kenako tsiku lomaliza mudzakhala pa TV osati kudzaonera nkhani koma kudzalandira zimene mukuona kuti ndi zanu. Zinachitika ndi sewero la apolisi la Line of Duty pa 2 May 2021, anthu 12.8 miliyoni ku Britain anaonera usiku womwewo kudikira kuti aone chigawenga chachikulu chimene anakhala akuchimanga m'mitu mwawo kwa zaka, ndipo atapatsidwa munthu wamba wosaopsa n'komwe ambiri anakwiya. Mukhoza kutsutsa ngati mathero amenewo anali abwino, ine ndili ndi maganizo anga, koma mbali ina ya mkwiyowo inali yoti anthu anali atalemba kale sewero lawo. Ndiye wamasiye wanuyo mumugwire ngati tikiti ya mpikisano, osati ngati mwana wanu.

Chithunzi chobedwa chija musachipatse ulemu. Zambiri zoterezi zimakhala zodulidwa mu trela, kapena za pamalo ojambulira pomwe wosewera anangobwera kudzacheza, kapena zopangidwa pa kompyuta, masiku ano ndi AI munthu amapanga chithunzi chotere m'mphindi imodzi. Matrela enieniwo amadulidwa ndi anthu otsatsa malonda, amalumikiza mawu a siini ina ndi nkhope ya siini ina dala. Ndipo opanga masewero amateteza mathero awo, a Dallas aja anajambula osewera angapo aliyense akuwombera mfutiyo kuti ngakhale ogwira ntchito asadziwe chenicheni. Chimene ndikuletseni kwenikweni ndi kudina malinki olonjeza episodi yobedwa, kumeneko n'kumene anthu amatolako mavairasi ndi kuberedwa mapasiwedi. Zikapezeka kuti chithunzicho chinali choona, sikuti zonse zatha. Ofufuza awiri a pa yunivesite ya California ku San Diego, Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld, mu 2011 anapatsa ophunzira nkhani zifupizifupi 12 ndipo anapeza kuti amene anauziridwatu mathero anasangalala nazo mofanana kapena kuposa pang'ono. Kafukufuku wina wapambuyo pake anapeza zosiyana, ndiye zimatengera munthu, koma kumbukirani kuti sewero la milandu la Columbo linkakuonetsani wakupha koyambirira kwenikweni ndipo anthu ankakhalabe mpaka kumapeto kuti aone agwidwa bwanji.

Za mnzanu uja. Mawu amene ananena ndi opweteka, makamaka pagulu, ndipo simukulakwa kukhumudwa. Koma musadikire kuti episodi yomaliza ikuweruzireni mlandu, chifukwa mukapambana mudzamunyogodola, mukagonja mudzachita manyazi, konseko ubwenzi ukupitirira kuzizira. Muimbireni, osati meseji, muuzeni kuti maganizo anga ukhoza kuwatsutsa mmene ungafunire koma zonena za mutu wanga pagulu zinandiwawa. Basi. Nthawi zambiri munthu amene analemba zimenezo ankafuna kuseketsa gulu ndipo sakudziwa n'komwe kuti munapsa. Inunso muzisamala zolemba mutatentha, paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo pa intaneti mlomo umajambulidwa sikirinishoti. Izi zimafikanso kwa osewera. Anna Gunn amene ankasewera mkazi wa Walter White analemba mu New York Times mu 2013 za chidani chimene chinachoka pa munthu wa mu sewero n'kufika pa iye mwini mpaka ziopsezo. Mu 2024 mafani a Baby Reindeer anayamba kusaka anthu enieni amene ankaganiza kuti nkhaniyo ikunena, n'kumaloza ndi osalakwa omwe, mpaka mwini sewerolo Richard Gadd anachita kupempha kuti asiye. Gulu lanu likayamba kulowera kumeneko, kulemba pa tsamba la wosewera wamasiyeyo kapena kufufuza anthu enieni, pamenepo tulukani osatsanzika.

Kupanda apo sindikuona chifukwa chotulukira. Limyuteni gululo usiku, muzilitsegula nthawi imodzi patsiku. Pemphani ma admin aike lamulo loti zobedwa ayi, ndipo pasadutse tsiku limodzi kapena awiri munthu asanaulule za episodi yatsopano. Masewera amene ine ndimakonda ndi oti aliyense alembe maganizo ake kamodzi, ndi deti, asanaonere episodi yachiwiri, kenako osasinthanso mpaka kumapeto, mudzaona mmene aliyense amene ankalankhula motsimikiza analakwitsira, ndipo kuseka kwake kumakhala kwa onse. Kuonera kawiri n'kokwanira, koyamba kusangalala, kachiwiri kuyang'ana nkhope za amene sakulankhula mu siini iliyonse, poti osewera abwino amabisa zambiri pomvetsera. Kachisanu simukuonanso zatsopano, mukungodyetsa zimene mwakhulupirira kale.

Tulo ndiye musachite nato masewera. Sabata imodzi ya chisangalalo si vuto. Koma zikapitirira masabata awiri kapena atatu mukulephera kugona ngakhale foni mwaisiya kutali, ntchito yayamba kuwonongeka, mukulota zoopsa, mtima ukuthamanga mukamva meseji yalowa, kapena mwayamba kuopa kutuluka panja chifukwa cha zimene mukuonera, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, chifukwa nthawi zina sewero limangokhala pothawira nkhawa ina imene inalipo kale. Ndipo ngati munakumanapo ndi nkhanza kapena munataya munthu mwadzidzidzi, masiini ngati a maliro aja akhoza kutokosa bala lenileni, zikatero imani kaye ndipo muuze munthu amene mumamukhulupirira, sewerolo silithawa.

Poti mwandifunsa, nayi tikiti yanga, ndailemba ndi deti: wapolisi uja ali moyo koma sitimuona nkhope mpaka chakumapeto kwa episodi yachinayi kapena yachisanu, bwana akudziwa ndipo meseji imene anafufuta ndi yochokera kwa iyeyo, ndipo wotchi ili pa mkono wa munthu wina. Wamasiye ndamuika pa nambala 2. Mu episodi yachiwiri yang'anani ngati wina afunse za envelopu ya katundu wa malemu, ndipo mudzandilembere tikafika pakati pa sizoni, mnzanu uja alembenso yake.